Denis Burkitt

Denis Parsons Burkitt (28 Febuluwale 1911 – 23 Malichi 1993) anali dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland amene anagwira ntchito zaka pafupifupi 20 ku Uganda. Iye ndi amene anayamba kufotokoza bwinobwino za khansa ya ana yotupitsa nsagwada ndi mimba, imene lero imatchedwa Burkitt lymphoma, ndipo anajambula mapu osonyeza madera a mu Africa kumene khansayi imapezeka. Pa ntchito yojambula mapuyo anadutsanso m'zipatala za ku Nyasaland mu 1961. Khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana ku Malawi mpaka pano. Kafukufuku wake anathandiza kuti itulukiridwe vairasi yoyamba yodziwika kuti imayambitsa khansa mwa anthu, komanso anasonyeza kuti khansa ina ikhoza kutheratu ndi mankhwala okha popanda mpeni. Atachoka ku Africa anatchukanso kachiwiri chifukwa cholimbikitsa anthu kudya zakudya zosachotsedwa gaga. Mbiri yake imakumbukiridwanso chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zimene anagwiritsa ntchito: anayamba ndi mapaundi 25, galimoto yakale, ndi mankhwala ochita kupempha.

Ubwana ndi maphunziro

Burkitt anabadwira ku Enniskillen, m'boma la Fermanagh, kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Bambo ake, James Parsons Burkitt, anali injiniya woyang'anira misewu ndi milatho ya m'bomalo, koma pa nthawi yopuma ankaphunzira za mbalame. Ankagwira timbalame totchedwa robin n'kutiveka timphete m'miyendo kuti azitha kusiyanitsa kamodzikamodzi, kenako ankalemba pa mapu malo amene kambalame kalikonse kamakhala. Anali mmodzi mwa anthu oyamba kuchita zimenezi. Mwana wawo anadzachita zofananazo ndi matenda, ndipo iye mwini ankavomereza kuti khalidwe loyang'anitsitsa ndi kulemba pa mapu analitengera kunyumba.

Ali ndi zaka 11, pa sukulu ya Portora Royal, anyamata anayambana n'kumagendana miyala. Mwala wina unaphwanya magalasi a Denis ndi kuvulaza diso lake lakumanja, moti madokotala analichotsa. Moyo wake wonse anakhala ndi diso limodzi. Anapitiriza sukulu ku Dean Close, mumzinda wa Cheltenham ku England, ndipo sanali mwana wodziwika ndi nzeru za m'kalasi. Mu 1929 analowa koleji ya Trinity ku Dublin kukaphunzira uinjiniya ngati bambo ake, koma sizinamuyendere. Ali komweko analowa m'kagulu ka ophunzira achikhristu, ndipo anakhulupirira kuti Mulungu akumuitanira ku ntchito ya udokotala. Anasintha maphunziro, anamaliza za udokotala mu 1935, ndipo mu 1938 anapambana mayeso a ukatswiri wa maopaleshoni ku Edinburgh.

Kupita ku Africa

Mtima wake unali pa kukagwira ntchito kunja, koma atafunsira ntchito ku nthambi ya zaumoyo ya boma la atsamunda anakanidwa, ndipo diso lija linali chimodzi mwa zifukwa zake. Anagwirako ntchito ya udokotala m'sitima yonyamula katundu yopita ku Manchuria, kenako pa chipatala china ku Plymouth. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati analowa m'gulu la madokotala a asilikali, ndipo anatumizidwa ku Kenya ndi ku Somaliland. Atasonyeza kuti munthu wa diso limodzi akhoza kuchita maopaleshoni ngakhale pa nthawi ya nkhondo, boma linamulola, ndipo mu 1946 anafika ku Uganda.

Anayambira pa chipatala chaching'ono cha Lira, m'dera la Lango. Kumeneko anaona kuti matenda a phudzi anali ochuluka kwambiri kum'mawa kwa deralo kusiyana ndi kumadzulo, ngakhale anthu ake anali amtundu umodzi. Aka kanali koyamba kuti afunse chifukwa chimene matenda amakondera malo ena. Mu 1948 anasamutsidwira ku chipatala cha Mulago ku Kampala, chimene chinali chophunzitsira madokotala a koleji ya Makerere. Kumeneko, kuwonjezera pa maopaleshoni, anadzipereka pa ntchito yopangira miyendo yoikirira yotsika mtengo anthu odulidwa miyendo ndi opuwala.

Mwana wotupa nsagwada

Mu 1957 mnzake Hugh Trowell anamuitana kuti adzaone mnyamata wa zaka 5 amene anatupa nsagwada zonse, zakumwamba ndi zakumunsi, kumanja ndi kumanzere. Zimenezi zinali zachilendo, pakuti khansa kawirikawiri imayambira malo amodzi. Panalibe chimene akanachita, ndipo mwanayo anamwalira. Patangopita milungu yochepa, Burkitt ali pa chipatala cha Jinja, anaona mwana wina wotupa chimodzimodzi, ndipo atamupima anapeza kuti ali ndi zotupa m'mimbanso.

Anabwerera ku Mulago n'kuyamba kufufuza m'mafayilo akale. Anapeza kuti ana ambiri amene analembedwa kuti ali ndi khansa ya diso, ya impso, ya nsagwada kapena ya thumba la mazira ankakhala ndi zotupa m'malo angapo nthawi imodzi. Dokotala wa maso ankaona diso, wa mano ankaona nsagwada, aliyense n'kutchula dzina lakelake. Burkitt anaganiza kuti onsewa ndi matenda amodzi. Mu 1958 anafalitsa nkhani ya ana 38 m'magazini ya British Journal of Surgery, koma anthu ambiri sanailabadire. Akatswiri opima minofu a ku Makerere, Gregory O'Conor ndi Jack Davies, ndi amene anasonyeza kuti chotupachi n'cha gulu la lymphoma, ndiye kuti khansa ya maselo oyera a m'magazi amene amakhala m'malo ngati anabele. Nkhani imene Burkitt ndi O'Conor analemba mu 1961 m'magazini ya Cancer ya ku America ndi imene inadzutsa akatswiri a m'mayiko ena. Mu 1963, pa msonkhano wa ku Paris, akatswiri anagwirizana zotcha chotupachi dzina la Burkitt.

Matendawa sanayambe mu 1957. Albert Cook, dokotala wa mishoni pa chipatala cha Mengo, analemba ndi kujambula za ana otupa nsagwada kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anthu akumudzi anali atawaona kalekale. Chimene Burkitt anachita n'kuphatikiza zidutswa zimene ena ankaziona padera.

Mapaundi 25 ndi galimoto yakale

Pa nthawi imeneyi ku America kusonkhetsa ndalama za kafukufuku wa khansa ya ana kunali kutayamba kale mwamphamvu. Mu 1948 thumba la Jimmy Fund, lothandiza ntchito ya Sidney Farber ku Boston, linatolera madola oposa 200,000 pambuyo pa pulogalamu imodzi ya pa wailesi. Burkitt analibe zotere. Thandizo lake loyamba linali la mapaundi 10 ndi lina la mapaundi 15. Ndi ndalama zimenezi anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwala ndi mafunso ochepa, n'kugula masitampu, ndipo anatumiza timapepala toposa 1,000 ku zipatala za boma ndi za mishoni mu Africa monse. Funso lalikulu linali lakuti kodi dokotala wa pamalopo anaonapo chotupa chotere kapena ayi.

Mayankho ankafika pang'onopang'ono, iye n'kumabaya timapini pa mapu a pakhoma. Timapiniti tinapanga lamba wodutsa pakati pa Africa kuchokera kumadzulo mpaka kum'mawa, wokhala ndi mchira wotsikira kumwera m'mbali mwa nyanja ya Indian. Dokotala wa maopaleshoni akafuna kudziwa chotupa amadula kachidutswa m'mphepete mwake, pamene pakumana mnofu wodwala ndi wabwino. Burkitt anaganiza zochita chimodzimodzi ndi mapuwo: kupita m'mphepete mwa lambayo kukaona chimene chimasiyanitsa malo okhala ndi matendawa ndi malo opanda.

Anapeza thandizo la mapaundi 250 kuchokera ku Medical Research Council ya ku Britain, n'kuwonjezera tina ndi tina. Ulendo wonse sunadye mapaundi 1,000. Anatenga anzake awiri: Ted Williams, dokotala wa mishoni wa pa chipatala cha Kuluva ku Arua, amenenso anali wodziwa kukonza galimoto, ndi Cliff Nelson, dokotala wa ku Canada amene ankagwira ntchito ku Tanganyika. Anagula galimoto yakale ya mtundu wa Ford, ndipo mu Okutobala 1961 ananyamuka ku Kampala. Anayenda milungu 10, makilomita pafupifupi 16,000, n'kufika m'zipatala zoposa 50 ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Swaziland, South Africa ndi Southern Rhodesia. Pa chipatala chilichonse ankasonyeza zithunzi kwa madokotala, anamwino, masisitere ndi othandizira madokotala, kuwerenga mabuku a odwala, ndi kufunsa mudzi umene wodwala aliyense anachokera. Funso lomalizali linali lofunika kuposa onse, chifukwa mwana amene wagonekedwa pa chipatala cha pamtunda akhoza kukhala wochokera kuchigwa.

Nyasaland inali malo abwino oyesera maganizo awo, pakuti m'dziko laling'onoli nyanja yotentha ndi mapiri ozizira zili moyandikana. Anapeza kuti odwala ankachokera makamaka m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje ikuluikulu, osati kumapiri. Munthu wodziwa chigawo cha kumpoto akhoza kumvetsa msanga kusiyanaku. Karonga ili m'mbali mwa nyanja, pa mamita osafika 500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo kumatentha chaka chonse. Munthu akakwera msewu wa makilomita pafupifupi 100 wopita ku Chitipa, komwe nthawi imeneyo kunkatchedwa Fort Hill, amafika pa mamita pafupifupi 1,300, ndipo akalowera ku Chisenga amaona mapiri a Mafinga amene nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, kumene m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira koopsa. Kuseri kwa mapiri omwewo kumayambira mtsinje wa Luangwa, umene umatsikira m'chigwa chotentha cha ku Zambia. Pa mtunda wa tsiku limodzi munthu amadutsa m'nyengo zitatu.

Atasonkhanitsa zonse, anaona kuti malire a matendawa ankatsika akamapita kumwera. Kufupi ndi equator chotupachi chinkapezeka mpaka pa mamita pafupifupi 1,500. Ku Nyasaland ndi ku Rhodesia malirewo anali pa mamita pafupifupi 900. Kumwera kwenikweni chinkapezeka m'zigwa za m'mbali mwa nyanja zokha, pansi pa mamita 300. Tsono chinsinsi sichinali kutalika kwa phiri koma kuzizira: matendawa ankasowa paliponse pamene nyengo yozizira imatsika kupitirira madigiri 15 kapena 16. Madera a mapiri a Rwanda, Burundi ndi Kigezi, ngakhale kuli anthu ochuluka zedi, anali ndi odwala ochepa kwambiri. Mu 1962 Burkitt anapita ku West Africa, kumene kumatentha paliponse, ndipo anapeza malire achiwiri: kumalo ouma ngati Kano, kumpoto kwa Nigeria, matendawa anali osowa, pamene kumwera kwa mvula yambiri anali ofala. Malire a mvula anali mamilimita pafupifupi 500 pa chaka. Alexander Haddow, katswiri wa tizilombo touluka wa ku Entebbe, anaona kuti mapu a kutentha ndi chinyezi amenewa akufanana ndi mapu a malo amene udzudzu ndi tizilombo tina toluma timaswana.

Mzere wa mamita 900 uja suyenera kutengedwa ngati mpanda. Masiku ano ana ambiri odwala khansayi amachokeranso m'zidikha za chigawo chapakati, zimene zili pamwamba pang'ono pa mzerewo, chifukwa kumenekonso malungo ndi ochuluka. Kulinso mtundu wina wa khansa ya Burkitt umene umapezeka mwa apo ndi apo dziko lonse lapansi, ndi wina umene umagwira anthu amene ali ndi HIV.

Vairasi ndi malungo

Pa 22 Malichi 1961, miyezi ingapo ulendo wautali uja usanachitike, Burkitt anakamba nkhani pa chipatala cha Middlesex ku London. Mmodzi mwa omvera anali Anthony Epstein, amene ankafufuza mavairasi oyambitsa khansa mu nkhuku. Atamva kuti pali khansa ya anthu imene imatsata kutentha ndi mvula, Epstein anaganiza kuti payenera kukhala vairasi. Bungwe lachifundo la British Empire Cancer Campaign, limene ndalama zake zinkachokera ku zopereka za anthu wamba, linamulipirira ulendo wa ku Kampala, ndipo anagwirizana kuti Burkitt azimutumizira tizidutswa ta zotupa pa ndege.

Kwa zaka zoposa ziwiri sanapeze kanthu. Mu Disembala 1963 ndege ina inalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga n'kukatera ku Manchester, ndipo kachidutswako kanafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu. Zinkaoneka ngati kawonongeka, koma Epstein atayang'ana pa maikulosikopu anapeza kuti mbuuyo anali maselo a khansa amoyo amene anagwedezeka n'kumayandama. Maselo amenewa anamera m'labotale, ndipo kumayambiriro kwa 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anaonamo vairasi yatsopano. Anafalitsa zimenezi m'magazini ya Lancet mu Malichi 1964. Vairasiyo imatchedwa Epstein-Barr.

Apa panabuka vuto. Kafukufuku wa Werner ndi Gertrude Henle ku Philadelphia anasonyeza kuti vairasiyi ili mwa anthu ambiri dziko lonse, imafala kudzera m'malovu osati udzudzu, ndipo ambiri siwadwalitsa. Nanga bwanji khansayi ikonda malo otentha ndi achinyezi? Yankho linali malungo, monga Gilbert Dalldorf anali ataganizira kale. Burkitt anasiya maganizo ake oyamba a vairasi yonyamulidwa ndi tizilombo touluka, n'kusonkhanitsa umboni wa malungo. Ku Zanzibar ndi mumzinda wa Kinshasa, kumene kunali ntchito yaikulu yothana ndi udzudzu, chotupachi chinali chosowa ngakhale kumatentha. Kunja kwa Africa, malo amene chinali chofala anali New Guinea, kumenenso malungo ndi a chaka chonse.

Masiku ano akatswiri amafotokoza motere. Mwana wa kuno amatenga vairasi ya Epstein-Barr ali wamng'ono kwambiri, ndipo imabisala m'maselo oteteza thupi otchedwa B. Malungo obwerezabwereza amachititsa maselo amenewa kuchulukana mopitirira muyezo, komanso amafooketsa maselo ena otchedwa T amene ntchito yawo n'kulondera vairasiyo. M'chipwirikiti chimenechi selo limodzi likhoza kulakwitsa, chidutswa cha chromosome 8 n'kusinthana malo ndi china, kawirikawiri cha chromosome 14. Jini yotchedwa MYC, imene imalamula selo kugawikana, imakhala ngati yayatsidwa osazimanso. Kusinthana kumeneku kunadziwika m'zaka za m'ma 1970, ndipo mbali ya MYC inadziwika mu 1982. N'chifukwa chake chotupachi chimakula msanga kuposa pafupifupi khansa ina iliyonse ya anthu, moti maselo ake akhoza kuwirikiza m'masiku awiri okha.

Mankhwala opempha

Kudula chotupa chimene chili m'malo anayi kapena asanu nthawi imodzi kunali kosathandiza, ndipo ku Uganda kunalibe makina owotcha khansa ndi cheza. Burkitt anasandutsa umphawi umenewu kukhala mfundo yopemphera. Anauza makampani opanga mankhwala kuti ku Ulaya ndi ku America odwala amayamba alandira cheza, kotero n'kovuta kudziwa mphamvu ya mankhwala paokha, pamene ku Kampala mphamvuyo idzaoneka poyera. Makampaniwo anamupatsa mankhwala aulere: methotrexate poyamba, kenako cyclophosphamide ndi vincristine. Akatswiri a ku Sloan-Kettering ku New York, monga Joseph Burchenal ndi Herbert Oettgen, anathandiza pa ntchitoyi, ndipo ku Nairobi dokotala Peter Clifford ankachita zofanana.

Zotsatira zake zinadabwitsa anthu. Zotupa zazikulu zinkaphwa m'masiku ochepa, mano ogwedera n'kulimbanso. Makolo ambiri akaona mwana wachira ankamutenga kubwerera kumudzi asanamalize mankhwala, ndipo kuwalondola kunali ntchito yaikulu. Koma atawapeza, ena mwa anawo anali bwinobwino patapita zaka, ngakhale analandira mankhwala kamodzi kapena kawiri kokha. Ambiri anamwalirabe, makamaka amene matenda anali atafika ku ubongo kapena m'mafupa, ndipo zimenezi siziyenera kuiwalika. Komabe umenewu unali umodzi mwa maumboni oyamba akuti khansa ya munthu ikhoza kuchiritsidwa ndi mankhwala okha.

Burkitt sankakhulupirira kuti jakisoni mmodzi angaphe maselo onse a khansa. Ankaganiza kuti mankhwala amangochepetsa chotupa, ndipo chitetezo cha m'thupi la mwanayo chimamaliza chotsalacho. Clifford ankatumiza magazi ndi minofu ya odwala kwa George ndi Eva Klein ku Stockholm kuti afufuze zimenezi. Njira za nthawi imeneyo zodzutsira chitetezo cha m'thupi sizinapindule kwenikweni, koma funso lenilenilo, lakuti kodi thupi lingaphunzitsidwe kumenyana ndi khansa, ndi limene linadzabala chithandizo cha masiku ano chodalira chitetezo cha m'thupi. Mu 1967 ku Kampala kunatsegulidwa malo ochizira lymphoma mogwirizana ndi National Cancer Institute ya ku America, amene anadzakula kukhala Uganda Cancer Institute.

Nkhani ya gaga

Mu 1964 Burkitt anasiya maopaleshoni n'kuyamba kugwira ntchito ya kafukufuku pansi pa Medical Research Council, ndipo mu 1966 anasamukira ku England. Kumeneko anakumana ndi Peter Cleave, dokotala wa asilikali apamadzi, amene ankanena kuti matenda ambiri a azungu amachokera ku shuga ndi ufa woyeretsedwa. Burkitt anakumbukira kuti zaka zonse za ku Uganda sankaona kawirikawiri khansa ya m'matumbo, matenda a appendix, miyala ya mu ndulu kapena matenda a mudzi pakati pa anthu akumudzi. Anagwiritsanso ntchito njira yake yakale yolembera madokotala a m'zipatala za mishoni, ndipo anafika poyeza kulemera kwa chimbudzi cha anthu ndi nthawi imene chakudya chimatenga kudutsa m'mimba. Anapeza kuti anthu akumudzi mu Africa amachita chimbudzi chochuluka ndi chofewa, ndipo chakudya chimadutsa msanga, kusiyana ndi anthu a ku Britain.

Iye, Trowell, Neil Painter ndi Alec Walker wa ku Johannesburg anati chosowa m'zakudya za azungu ndi gaga ndi ulusi wa m'masamba, nyemba ndi zipatso. Kunena mwa kwathu, ankayamikira mgaiwa kuposa ufa woyera. Buku lake la 1979, Don't Forget Fibre in Your Diet, linagulidwa kwambiri m'mayiko ambiri. Ena anamudzudzula kuti ankakokomeza, popeza anthu akumudzi ankasiyana ndi azungu pa zinthu zambiri osati chakudya chokha, ndipo ambiri sankafika msinkhu umene khansa ya m'matumbo imagwira anthu. Kudzudzulaku kunali ndi maziko. Komabe kafukufuku wamkulu wa pambuyo pake anatsimikiza kuti anthu odya zakudya za gaga wambiri sadwaladwala khansa ya m'matumbo, matenda a mtima ndi shuga.

Khansa ya Burkitt ku Malawi

Khansayi imagwira makamaka ana a zaka zapakati pa 4 ndi 10, anyamata kuposa atsikana. Zizindikiro zake ndi kutupa kwa tsaya kapena nsagwada kokula msanga, mano kugwedera popanda chifukwa, diso kutong'oka, mimba kutupa, ndipo nthawi zina miyendo kufa mwadzidzidzi chotupa chikapanikiza msana. Chifukwa chotupa cha pa tsaya chimafanana ndi cha dzino, ana ena amayamba achotsedwa dzino kapena kutemeredwa mphini, masiku n'kumapita.

Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi anzake, mogwirizana ndi Peter Hesseling wa ku Stellenbosch, anayesa njira zingapo zoperekera mankhwala zogwirizana ndi mphamvu za chipatala cha kuno. Mankhwala amphamvu kwambiri amene amachiritsa ana 9 mwa 10 ku Ulaya amafuna magazi okwanira, mankhwala ophera tizilombo ndi anamwino ambiri, ndipo akaperekedwa kwa mwana wonyentchera popanda zimenezi akhoza kumupha. Imodzi mwa njira za ku Blantyre inali ya masiku 28, yodalira cyclophosphamide yemwe uja wa nthawi ya Burkitt, ndipo mankhwala ake sankafika madola 50 pa mwana mmodzi. Pafupifupi theka la ana ankachira. Theka n'lochepa poyerekeza ndi ku Ulaya, koma popanda mankhwala pafupifupi onse amamwalira m'miyezi yochepa.

Mbali yaikulu ya ntchitoyi yakhala ikudalira zopereka. Bungwe la Children with Cancer in Malawi, limene linayambitsidwa ndi ogwira ntchito zachipatala ku Newcastle ku England, ndi la World Child Cancer akhala akuthandiza wodi ya ana ku Blantyre. Ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kuli pulogalamu ya Global HOPE, imene inakhazikitsidwa mu 2017 ndi Texas Children's Hospital ndi Baylor College of Medicine, ndi madola 50 miliyoni ochokera ku Bristol-Myers Squibb Foundation ogwirira ntchito ku Malawi, Botswana ndi Uganda. Ndalama zotere sizigula mankhwala okha. Zimalipiranso thiransipoti, chakudya cha mwana ndi womudikirira, ndi ntchito yolondola amene asiya chithandizo pakati. Kwa banja la ku Chisenga kapena ku Wenya, kufika ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita oposa 600, ndipo mayi akakhala ku chipatala mwezi wathunthu nthawi ya dzinja, munda ndi ana ena amatsala opanda wowasamala.

Chithandizo chodalira chitetezo cha m'thupi chinafika pa khansayi kudzera mu rituximab, mankhwala amene anavomerezedwa ku America mu 1997. Ndi asilikali a m'thupi opangidwa m'fakitale, amene amamatirira pa chizindikiro chotchedwa CD20 pa maselo a B kuti thupi liwaphe. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri amene anafalitsidwa mu 2020 anasonyeza kuti kuwonjezera rituximab pa mankhwala ena kunakweza chiwerengero cha ana opulumuka popanda matenda kubwerera kuchoka pa 82 kufika pa 94 mwa 100 alionse. Maselo otchedwa Raji, amene anatengedwa mu 1963 kwa mwana wodwala khansa ya Burkitt ku Ibadan, ku Nigeria, akugwiritsidwabe ntchito m'malabotale poyesera mankhwala otere, kuphatikizapo njira ya CAR-T imene inavomerezedwa mu 2017 pa khansa ya m'magazi ya ana. Koma mankhwalawa ndi odula, ndipo ana a m'lamba limene Burkitt anajambula, amene minofu yawo inathandiza pa kafukufukuyu, ndi amene amachedwa kuwalandira. Mu 2018 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 alionse odwala khansa dziko lonse azipulumuka.

Banja, ulemu ndi imfa

Burkitt anakwatira Olive Rogers, namwino amene anakumana naye ku Plymouth, mu 1943, ndipo anabereka ana aakazi atatu. Anali mkhristu wolimbikira moyo wake wonse, wokonda kujambula zithunzi, ndipo zithunzi zambiri za odwala zimene ankaphunzitsira anajambula yekha. Sankadzitcha wasayansi wa m'labotale, ndipo kawirikawiri ankatchula madokotala a m'zipatala zakumidzi amene ankayankha makalata ake kuti ndiwo anagwira ntchito yaikulu.

Mu 1972 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society ndipo analandira mphoto ya Lasker pamodzi ndi akatswiri ena a mankhwala a khansa. Analandiranso mphoto ya Gairdner mu 1973, ya Charles S. Mott mu 1982 ndi ya Bower mu 1992. Anapitiriza kuyenda ndi kukamba nkhani za zakudya mpaka ukalamba. Anadwala sitiroko n'kumwalira pa 23 Malichi 1993 ku Gloucester, ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa m'manda ku Bisley, m'dera la Gloucestershire.